Makumba afa m'madamu awiri, pepala la zotsatira lili ndi zitsulo 30: ndiloze chiti?

Nachisale wa ku Labu

Akuluakulu, ndapanikizika, ndigawireniko nzeru. Sabata yathayi kalabu ina ya alimi a nsomba inataya makumba pafupifupi onse m'madamu awiri mwa asanu. Madamu onsewa amamwa ngalande imodzi yochokera ku kamtsinje kotsika m'phiri. Kumtunda kuli anthu akuboola pansi kufufuza miyala, ndiye mudzi wagamula kale mlandu, akuti ndi a mgodi. Madzi tinakatunga patatha masiku atatu. Makina athu oyezera zitsulo, otchedwa AAS, amayeza chitsulo chimodzichimodzi, choncho abwana anatumiza mabotolo ku South Africa kuti akayeze pa ICP-MS, makina oyeza zitsulo zambiri nthawi imodzi, ndipo pepala labwera ndi zitsulo zoposa 30.

M'damu loyamba, mu mg/L (mamiligalamu pa lita): ayironi 3.1, aluminiyamu 2.4, manganizi 0.6, kopa 0.045, zinki 0.02, cerium 0.008, lanthanum 0.004, mtovu 0.002, kadimiyamu sanaoneke. pH, muyezo wa asidi m'madzi (ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), ndi 6.4. Ndayerekeza ndi malire a WHO a madzi akumwa. Kopa ali kutalitali ndi 2 mg/L, mtovu sanafike 0.01. Wodumpha mpanda ndi manganizi, poti malire ake ndi 0.08. Koma lanthanum ndi cerium ndasakasaka malire ake osawapeza, ndipo abwana atangoona mayina awiriwa anati basi, mbava ndi imeneyi. Lipoti akulifuna Lachisanu. Chitsulo chimene chilibe malire m'buku lililonse limene ndili nalo, ndingadziwe bwanji kuti ndi choopsa motani?

Mlangizi wa Nsomba

Pepani achemwali, ndiyambe ndi funso la kumunda. Nsombazo zinafa nthawi yanji, masana kapena mbandakucha? Nanga madzi a m'damu anali amtundu wanji sabata isanachitike ngoziyi, ndipo pano ndi otani? Komanso madamu awiriwo ndi oyambirira kulandira madzi kapena otsiriza?

Mdala wa AAS

Mwanawe, buku la madzi akumwalo litseke kaye, wayeza nsomba ndi muyezo wa munthu. Iwe ukamwa madzi a kopa, amapita m'mimba, chiwindi n'kuchita nayo ntchito yake, wotsala n'kutuluka. Nsomba madzi amadutsa pa makha ake usana ndi usiku, ndipo pamenepo ndi pomwe imapumira komanso kutolera mchere wa m'thupi. Kopa wa 2 mg/L amene WHO imalola pa mpopi angathe kuseseratu zamoyo mu kamtsinje kako.

Tenga malire a Australia ndi New Zealand a chaka cha 2000 oteteza zamoyo za m'madzi opanda mchere. Mu ma µg/L (1 mg/L ndi 1000 µg/L): siliva 0.05, kadimiyamu 0.2, kopa 1.4, mtovu 3.4, zinki 8, nikelo 11, manganizi 1900. Taona mtunda umene uli pakati pa kopa ndi manganizi? Manganizi wako wa 0.6 mg/L ndi 600 µg/L, sanafike ngakhale theka la malire ake. Kopa wako ndi 45 µg/L, wapitirira ka 30. Zinki wapitirira kawiri ndi theka. Chachikulu pa pepala ndi ayironi, koma wopalamula ndi amene wakhala chete kumunsi kwa mzere uyo.

Nachisale wa ku Labu

Aphunzitsi, ndachita manyazi. Ndinasanja zotsatira kuyambira nambala yaikulu kutsika, kopa ndinangomudumpha. Koma funso la lanthanum lidakalipobe, poti abwana sangandimvere ndikangoti siyeyo.

Bambo mlangizi, alimi akuti anapeza nsomba zikuyasama pamwamba m'mamawa, dzuwa lisanatuluke, zambiri zitafa kale. Madamu awiriwo ndi oyamba pa ngalande. Za mtundu wa madzi ndifunsa.

Chemwali wa ku Pretoria

Funso lanu la lanthanum ndi limene anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 100, musadzione ngati mbuli. Zitsulo ndi zambiri, zamoyo ndi zambiri, palibe amene angayese chilichonse pa nsomba iliyonse. Ndiye nzeru inali yakuti tiyang'ane khalidwe la chitsulocho pachokha, tilosere.

Mu 1963 Ralph Pearson anagawa ma ion, tizigawo tokhala ndi chaji timene chitsulo chimasanduka chikasungunuka, m'magulu awiri, ouma ndi ofewa. Mu 1980 Nieboer ndi Richardson anatenga ganizo lomweli n'kulibweretsa ku zamoyo. Gulu lawo la A, la ouma aja, ndi zitsulo zokonda kugwira okosijeni: sodiyamu, potaziyamu, kashiamu, maginiziyamu, aluminiyamu, ndipo lanthanum ndi abale ake onse ali momwemu. Gulu la B, la ofewa, ndi zokonda salufa ndi nayitrojeni, monga siliva ndi mekyule. Pakati pali manganizi, ayironi, nikelo, zinki, kopa, kadimiyamu ndi mtovu, koma sizili pamalo amodzi. Manganizi wapendekera ku A, pamene kopa, kadimiyamu ndi mtovu apendekera ku B.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika n'chakuti ma enzyme ambiri m'thupi amagwira ntchito ndi kachigawo kokhala ndi salufa. Chitsulo chokonda salufa chikafika pamenepo chimakakamira ngati nkhupakupa, enzyme n'kuima. Bwererani ku mndandanda wa aphunzitsiwo muone, ukuyenda pafupifupi ndendende kuchokera ku B kupita ku A. Mu 1972 Biesinger ndi Christensen anayesa zitsulo zambiri pa tizilombo ta m'madzi totchedwa Daphnia magna m'madzi a nyanja ya Lake Superior ndipo anapeza kuti chitsulo chimene sulphide wake sasungunuka m'madzi ndi chimenenso chimapha pa mlingo wochepa. M'zaka za m'ma 1990 Newman ndi McCloskey anaziika m'masamu, ndipo njirayi imatchedwa QICAR. Mumatenga zitsulo zimene poizoni wake anayesedwa kale, mumajambula mzere pakati pa poizoniyo ndi nambala ngati ya kufewa kwa ion, kenako chitsulo chosayesedwa mumachiika pa mzerewo.

Mdala wa AAS

Zoona zimenezo, ndipo kwa ife okalamba njira yachidule tinaiphunzira pa benchi tisanamve dzina lakuti QICAR. Amene munachita qualitative analysis ya kale mukukumbuka fungo la dzira lowola lija. Ukadutsitsa mpweya wa hydrogen sulphide m'madzi a asidi, zoyamba kugwa pansi ndi mekyule, kopa, kadimiyamu ndi mtovu. Zinki, nikelo ndi manganizi zimadikira mpaka uchepetse asidi. Kashiamu ndi maginiziyamu sizigwa n'komwe. Ndi mndandanda womwewo wa poizoni. Ngakhale pansi pa nthaka ndi chimodzimodzi: mtovu umapezeka mu galena, kopa mu chalcopyrite, mekyule mu cinnabar, onsewo ndi ma sulphide. Lanthanum ndi cerium za ku phiri la Kangankunde ku Balaka zili mu mwala wa monazite, yemwe ndi phosphate. Mwala wokhawo ukukuuza kale chimene chitsulo chimakonda.

Achimwene a ku Kitwe

Ine ndiikepo tsabola pang'ono, musamuuze mwana kuti gulu A ndi nkhosa. Aluminiyamu ndi wa gulu A, koma ku Norway ndi Sweden anamaliza nsomba m'nyanja ndi m'mitsinje nthawi ya mvula ya asidi. pH ikatsika kufika cha m'ma 5, amasungunuka, ndiye akafika pa makha amaundana pomwepo, nsomba imachita mamina n'kubanika. Iye sasowa salufa kuti aphe. Ndipo mzere wanu wa kufewawo sugwira ntchito pa arsenic kapena chromium VI, poti m'madzi zimayenda ngati ma anion, ma ion a chaji yotsutsana ndi ya zitsulo zinazo. Chromium III ndi chromium VI ndi chitsulo chimodzi koma ukali wake ndi wosiyana kutali. Mekyule nayenso akasanduka methylmercury m'matope nkhani imasintha, amaunjikana m'nyama ya nsomba, monga zinachitikira ku Minamata ku Japan, kumene anthu anadwala atadya nsomba zotere.

Kuno ku Zambia tinaziona ndi maso mu February 2025, damu la zinyalala za mgodi litagumuka ku Chambishi. Asidi analowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba mbwee, mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Pamene pH yagwa chonchija, chilichonse chimene chinagona m'matope chimadzuka. Ndiye ndisanakhululukire aluminiyamu wa 2.4 mg/L, ndikufuna kudziwa: pH 6.4 imeneyo munayezera pa damu kapena ku labu? Ndipo madziwo munasefa?

Nachisale wa ku Labu

pH ndinayezera pomwepo ndi mita ya m'manja, nditaikonza ndi buffer m'mawa womwewo. Kusefa ayi achimwene. Masefa a timabowo ta 0.45 µm anatithera kalekale. Ndinangothira nitric acid m'botolo monga mwa nthawi zonse. Madziwo anali ofiirira, alimi anali atapondaponda m'damu potola nsomba zakufa.

Achimwene a ku Kitwe

Ehe, ndi pamenepo. Mwayeza dothi, mlongo wanga. Asidi wanu wasungunula matope amene anali kuyandama, ndiye ayironi, aluminiyamu ndi manganizi wambiri pa pepalapo sanali m'madzi, anali m'fumbi. Pa pH 6.4 aluminiyamu amakhala pafupi ndi pamene sasungunuka kwenikweni. Ndabweza mawu anga pa iyeyo.

Chemwali wa ku Pretoria

Ndipo lanthanum ndi cerium wanu ndikukayika kuti achokera komweko. Dzina la gulu lawo lakuti rare earth, ngati kuti ndi zitsulo zosowa, limanamiza anthu. Cerium m'nthaka ya dziko lapansi ndi wochuluka mofanana ndi kopa, lanthanum amaposa mtovu. Dothi la pakhomo panu mutalithira asidi, awiriwa atulukamo. M'dothi wamba cerium amakhala pafupifupi kawiri kuchuluka kwa lanthanum, ndipo manambala anu ndi 0.008 ndi 0.004. Kodi munatungako botolo lina kumtunda kwa ngalande kapena m'damu limene nsomba sizinafe?

Pa za ukali wake, tingalosere motere. Ndi ion youma ya chaji 3, ndipo kukula kwake n'kofanana kwambiri ndi kashiamu, motero ikhoza kukhala pakhomo pamene kashiamu amalowera m'selo n'kutsekapo. Choncho si yopanda vuto, makamaka m'madzi opanda kashiamu wambiri. Koma imakonda phosphate ndi carbonate koopsa, ikakumana nazo imagwa pansi. Ku Australia anapanga dongo lothiramo lanthanum lotchedwa Phoslock, limene amathira dala m'nyanja kuti ligwire phosphate, ndipo odwala impso ena amamwa lanthanum carbonate pa chifukwa chomwecho. Damu limene alimi amathiramo manyowa a nkhuku muli phosphate wokwanira kumeza 4 µg/L imeneyo, ngakhale ikanakhala yosungunuka yonse.

Nachisale wa ku Labu

Botolo la kumtunda lilipo! Ndinalitunga pamene ngalande imapatuka pa mtsinje, kumunsi kwa oboola miyala aja. Sindinaliike muno poganiza kuti lilibe ntchito. Ayironi 2.2, aluminiyamu 1.9, manganizi 0.3, cerium 0.006, lanthanum 0.003, zinki 0.006, kopa 0.002. Hardness, kuchuluka kwa kashiamu ndi maginiziyamu m'madzi, ndinayeza ndekha ndi mankhwala a EDTA, 20 mg/L. Alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, 15.

Mdala wa AAS

Ichi n'chiyani nkulinga muli awiri. Botolo limene unalinyozalo ndiye mboni yaikulu. Zonse zafanana kumtunda ndi kumunsi, kusiyana kwake ndi kwa kuchuluka kwa matope basi, kupatula kopa amene wachoka pa 2 kufika pa 45, ndi zinki amene wakwerako. Kopayo walowa pakati pa mpata wa ngalande ndi damu. A mgodi ali kumtunda kwa malo amene unatunga botolo la kopa wochepalo.

Tsopano hardness ya 20. Amenewo ndi madzi a m'phiri enieni, aja sopo amachita thovu losatha. Kwa wochapa ndi abwino, kwa nsomba ndi opanda chishango. Pa makha pali malo ochepa amene ma ion amagwira, ndipo kashiamu akachuluka amakhalapo iyeyo, kopa n'kusowa pokhala. Carbonate nayenso amamanga kopa, momwemonso zinthu zowola zosungunuka m'madzi, zija timayeza ngati DOC. Chimene chimapha kwambiri ndi ion yoyenda yokha yosamangidwa. Masamu akale a US EPA, bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, amapereka 13 µg/L ngati malire a kopa a kanthawi kochepa pa hardness 100. Ukawerengera pa hardness 20 amatsika kufika pafupifupi 3. Mu 2007 iwo anasamukira ku njira ina yowerengera malirewo yotchedwa Biotic Ligand Model, yomwe imafuna pH, DOC, kashiamu, sodiyamu, alkalinity ndi zina. A ku South Africa nawo, m'malangizo awo a 1996 a zamoyo za m'madzi, malire a kopa amasintha ndi hardness. Kopa akakhala pa makha amasokoneza kulowa kwa sodiyamu, nsomba imataya mchere pang'onopang'ono mpaka mtima kulephera.

Mlangizi wa Nsomba

Madala, ndikuvomera kuti ndi kopa, koma pa kafedwe kake ndili ndi mawu. Makumba ndi nsomba yolimba, si trout ya pa Zomba. Kuti 45 µg/L igwetse nsomba zazikulu usiku umodzi, ine ndikukayika. Malire amene mukutchulawo anaikidwa poteteza zofooka kwambiri, tizilombo ta m'madzi tija ana a nsomba amadya, nkhono, ndi ndere. Ndere ndiye imafa msanga ndi kopa, n'chifukwa chake copper sulphate amagulitsidwa ngati mankhwala ophera ndere. Ndipo lamulo limene tinaphunzira pa ulimi wa nsomba ndi lakuti alkalinity ikakhala pansi pa 50, copper sulphate usamuyandikize ku damu. Apa ndi 15.

Ndiye mmene ndikuonera, kopa analowa, ndere yonse inafa nthawi imodzi, inayamba kuwola, mpweya unatha usiku, nsomba zimene makha anali atapsa kale sizinapirire mpaka dzuwa. Kuyasama pamwamba mbandakucha ndi chizindikiro cha mpweya. N'chifukwa chake ndinafunsa mtundu wa madzi.

Achimwene a ku Kitwe

Zikhoza kukhala zonse ziwiri. Musaiwale kuti botolo linatungidwa patatha masiku atatu. Kopa sakhalitsa m'madzi a damu, amakakamira ku matope ndi ku ndere yakufa n'kutsika. 45 ndi mapazi a mbava, mwini wake anadutsa kale, ndipo tsiku loyamba anali wochuluka kuposa pamenepo. Mwinanso gawo lalikulu la 45 imeneyo ndi la m'matope amene alimi anavundula. Bwererani, mukatape matope a pamwamba m'madamu onse asanu ndi m'ngalande malo angapo. Kopa AAS yanu ikhoza kuyeza bwinobwino m'matope, simufunikanso South Africa.

Nachisale wa ku Labu

Ndaimbira tcheyamani wa kalabu. Akuti madamu awiriwo anali obiriwira bwino, ankawanyadira, koma kutatsala tsiku limodzi madzi anayera mpaka kuona pansi, kenako anada n'kuyamba kununkha. Bambo mlangizi mwalasa. Ndinafunsanso ngati wina anathira mankhwala a ndere, akana kwamtuwagalu.

Mlangizi wa Nsomba

Musafunse za mankhwala a ndere, funsani kuti m'mbali mwa ngalandemo muli madimba a chiyani. Nyengo ino tomato akuvutika ndi chiwawu, ndipo aliyense akupopera kopa, uja wa ufa wobiriwira, copper oxychloride. Theka la kulemera kwa ufa umenewo ndi kopa weniweni. Ambiri amasakaniza ndi Dithane, yemwe ndi mancozeb, ndipo mancozeb muli manganizi ndi zinki. Zinki wanu wokwera pang'ono uja mwina ndi ameneyo. Munthu akamaliza kupopera, sipuleya amatsukira kuti? Pamene pali madzi apafupi.

Tawerengani nokha. Damu la mamita 20 mulitali, 10 mulifupi, kuya mita imodzi, ndi malita 200,000. Magalamu 20 a kopa okha akwana kufikitsa damu lonse pa 100 µg/L. Amenewo ndi magalamu 40 a ufa, masipuni ochepa chabe. Zotsalira za mu sipuleya imodzi kapena ziwiri.

Nachisale wa ku Labu

Ndabwerako kumudzi kuja, ndafika usiku. Madimba a tomato alipo anayi pakati pa mpata wa ngalande ndi damu loyamba. Pa mwala wina wathyathyathya pamene amayi amachapira, m'ming'alu mwake muli ufa wobiriwira wouma, ndipo m'udzu pambali pake ndatola timapepala tiwiri ta mankhwala tong'ambika. Mnyamata wina woweta mbuzi anandiuza yekha, osamufunsa, kuti amalume ake amasungunulira pomwepo ndipo tsiku lina chidebe chinagubuduka. Amalumewo ndi membala wa kalabu yomweyo, damu lachiwiri ndi lawo. Sindinawafunse kanthu, ndinangowapatsa moni.

Matope ndatapa malo asanu ndi atatu, ali mu uvuni akuuma. Masefa ndabwereka asanu kwa mnzanga, ndatunganso madzi osefa ndi osasefa.

Mdala wa AAS

Wagwira ntchito. Polemba, dzina la munthu lisalowe mu lipoti, iwe ndi wa labu, si wa bwalo la amfumu. Lemba zimene wayeza, malo amene wayeza, ndi kuti kopa akulowa pakati pa malo awiriwo. Za lanthanum ndi cerium uzipatse ndime yakeyake, poti ndi zimene abwana ako ndi mudzi akufuna kumva: kuti milingo yake ndi yofanana kumtunda ndi kumunsi, kuti ikutsatira matope, ndi kuti khalidwe lake la kukonda phosphate likusonyeza kuti m'damu la manyowa yosungunuka ndi yochepa. Koma ulembe poyera kuti kumeneko ndi kulosera kochokera ku khalidwe la chitsulo, sunayese pa nsomba.

Chemwali wa ku Pretoria

Ndipo musalembe kuti oboola miyala alibe vuto lililonse. Botolo limodzi la tsiku limodzi likungonena za imfa iyi yokha. Akadzayamba kukumba ndi kutsuka miyala ndi mankhwala, madzi a hardness 20 amenewa adzakhala oyamba kulira. Pemphani kuti kalabu izitunga madzi pa mpata paja mwezi ndi mwezi, osefa, kuti padzakhale poyerekezera.

Achimwene a ku Kitwe

Apo ndiye tagwirizana. Ine ndikanawonjezeranso botolo la kumtunda kwa oboolawo.

Mlangizi wa Nsomba

Alimi auzeni asathiremo mbewu ya nsomba msanga. Aphwetse madamu awiriwo, achotse matope a pamwamba akatayire kutali ndi ngalande, pansi paume, athire laimu wa ku munda kuti alkalinity ikwere, kenako manyowa. Madzi akabiriwiranso aikemo tiana khumi m'kaneti kwa masiku anayi aone ngati tikhala moyo. Nkhani ya potsukira masipuleya ndikaikamba ndekha pa msonkhano wa kalabu ngati phunziro la onse, osaloza munthu chala, poti mwini chidebe wataya kale damu lake.

Nachisale wa ku Labu

Zikomo nonse. Abwana ndawaonetsa mabotolo awiri aja pambalipambali, anakhala chete kanthawi, kenako anati lipoti lidikire zotsatira za matope, Lolemba. Aphunzitsi, lampu ya AAS yathu yoyezera kopa ndi yakale ndipo ikuchedwa kukhazikika. Pa matope ndigwiritse kuwala kwa 324.8 nm komweko, kapena ndisungunule kwambiri sampulo ya pamwala paja isanandipitirire pa curve, mzere uja timawerengera mlingo?

Mdala wa AAS

324.8 yomweyo. Lampu uyiyatse mphindi 30 usanayambe. Ya pamwalayo uyambe ndi 1 mu 100, ndipo uyiyeze pomalizira, ingakuipitsire zinzake.